Malemu Sanachotsedwe Ntchito

Muak Lek, 20 Novembala 2005

Thuza mkazi wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa mwana wathu Phyu, ndi wa amayi. Chifuwa chija chawasiya? Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene wayamba kudandaula ngati wa nkhalamba.

Kalata yako ndaiwerenga kanayi. Ukufunsa kuti achimwene ako a San Tint anapita bwanji, poti uthenga umene unakufika unali waufupi. Linali tsiku lomaliza lokulunga udzu wa ng'ombe. Tinkasanja mabelo kuseri kwa khola, ndipo belo limodzi linapulumuka pa nyanga yonyamulira ya thirakitala n'kuwagwera iwo atawerama kuti alembe tsiku pa belo lapansi. Belo limodzi limalemera kuposa ng'ombe. Sanavutike nthawi yaitali, ukawauze amayi zimenezo. Tinawatentha ku kachisi wa kuno, amonke anayi anapemphera. Zina ndidzakuuza pakamwa.

Mvula yasiya, msipu wayamba kuuma, ndiye tayamba kutsegula mabelo aja. Alipo 150, oyera mbuu m'mapulasitiki awo, ndipo ng'ombe zathu 35 zimamaliza limodzi pa tsiku. Ukang'amba pulasitiki, udzu wovundikawo umanunkhira ngati masamba a tiyi amene amayi amavundika mumtsuko, mpaka malovu amadzadza m'kamwa. Lamulo ndi lakuti uziyamba ndi belo lakale, ndipo uzidyetsa ukamaliza kukama, kuti mkaka usatenge fungo. Lakale umalidziwira tsiku lolembedwa pambali. Masiku onsewo analemba ndi achimwene ako, ndi manambala akwathu ozungulirazungulira aja, amene mwini famu, Mayi Lamyai, amati ndi mazira a achule. Choncho tsiku lililonse ndimawerenga dzanja la alamu anga ndisanalibaye ndi mpeni. Zimandiwawa, sindikubisira.

Tsopano mvera. Ukudziwa kuti ine ndinalowa m'dziko lino kudzera m'nkhalango, wopanda chiphaso cha ntchito. Cha achimwene ako chikadali ndi moyo mpaka chaka chamawa, ndiye ndikuyendera chimenecho. Apolisi akuno nkhope zathu amaziona ngati imodzi. Ukamalemba, pa envulopu uzilemba dzina la San Tint. Amayi asaione envulopuyo.

Denga la kukhitchini likonzedwe mphepo isanayambe. Nkhumba yaikaziyo usagulitse, ngakhale amalume ako anene zotani. Ndatumiza kangachepe ndi nsalu ya Phyu kudzera kwa mayi wonyamula makalata uja.

Ndine mwamuna wako,
Pe Thaung


Muak Lek, 18 Disembala 2005

Thuza,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ndakondwa kumva kuti Phyu wayamba kuwerenga zikwangwani za m'njira. Umuuze kuti bambo ake nawo akuphunzira zilembo za kuno, koma mutu ndi mwala. Kuno m'mawa kukuzizira mpaka zala zimakana kugwira mawere a ng'ombe.

Pali kanthu kena koseketsa, kapena ndinene kuti ndimafuna kakhale koseketsa. Umawadziwa achimwene ako ndi ukhondo wawo. Belo ankalitsegula mwamanzere, kudula pulasitiki mozungulira pamwamba ngati akuvundukula mphika, kenako kuipinda kanayi n'kuitsendereza ndi mwala. Chingwe chomangira udzu ankachikulunga pa dzanja n'kuchikoleka pa msomali wa pakhomo la khola. Ine ndimangong'amba pakati, ndipo ankandikalipira tsiku ndi tsiku. "Alamu, kachingwe kamodzi ng'ombe ikameza, ndiye kuti mwaipha. Kodi mlongo wanga anaona chiyani pa inu?"

Lachiwiri lapitali ndinatuluka mokamira cha m'ma fili koloko masana, mpeni uli m'manja. Ndinapeza belo latsegulidwa kale. Pulasitiki yopindidwa kanayi, mwala pamwamba, chingwe pa msomali. Ndipo linali belo loyenera, la pa 9 Seputembala.

Ndinapita kwa mdala Kham woyendetsa thirakitala, amene ankagona mumthunzi chipewa chili kumaso.

"Madala, mwandithandiza ndinu?"

"Kukuthandiza chiyani?"

"Belo lija."

"Ine ndi mpeni? Ndinaugwira komaliza pa ukwati wanga, ndipo ndinadzicheka. Watsegula wekha, waiwala. Ndi mmene amachitira amuna osowa akazi awo, mutu umayamba kudontha."

Ndinaseka naye. Koma mdalayu manambala athu sawadziwa, ndipo Mayi Lamyai anali atapita ku kopaletivi ndi zigubu za mkaka. Pafamu pano palibenso munthu wina. Mdala Kham atapita kukaona chingwe pa msomali paja, nthabwala zinamuthera, ndipo kuyambira tsiku limenelo thirakitala akuimika kutsogolo kwa nyumba.

Udzuwo ndinadyetsa, nanga ndikanatani. Ng'ombe zinadya bwinobwino.

Usawauze amayi. Mwina ndi kutopa chabe. Unditumizireko nsomba zovundika za kwa azakhali ako, za kuno amathiramo shuga ngati akuphikira mwana.

Pe Thaung


Muak Lek, 22 Januwale 2006

Thuza,

Moni kwa iwe ndi onse a m'nyumba. Ine thupi lili bwino. Nsomba zija zafika, ndipo mdala Kham akuti ndizidyera kumphepo kwake.

Ndinakuuza kuti usawauze amayi, ndipo ndikukhulupirira kuti sunawauze. Ndiye funso lawo lija alitenga kuti? Nditawerenga pamene walemba kuti, "Amayi akufunsa ngati kalata yomasula inawerengedwa," ndinakhala pansi pomwepo pa ndowa.

Ndikukumbukira maliro a bambo ako. Mkulu wa pa siteshoni ya sitima anabwera atavala yunifolomu, n'kuima kumutu kwa bokosi, n'kuwerenga mokweza kuti kuyambira lero mwachotsedwa pa ntchito ya njanji, palibenso chimene mukuyembekezeka kuchita, pitani kumene mukufuna. Ine nthawi imeneyo ndinali mnyamata wokufunsira, ndipo ndinadziluma mlomo kuti ndisaseke. Kuchotsa ntchito munthu wakufa. Lero sindikuseka.

Ayi, Thuza, siinawerengedwe. Anthu akuno mwambo umenewu saudziwa. Ine amene ndimaudziwa sindinaukumbukire, kapena ndinaukumbukira n'kuuponda.

Mabelo akutsegulidwabe. Poyamba kamodzi pa sabata, tsopano pafupifupi tsiku lililonse, nthawi yomweyo ya kukama kwa masana, makina akulira. Ndinayesa kusuzumira pa mpata wa matabwa, koma ukayang'ana sipachitika kanthu. Ungotembenuka kuti uchotse makina pa ng'ombe, pobwerera wapeza zatheka. Akhwangwala akaboola pulasitiki, m'mawa ndimaika chizindikiro kuti ndimata ndikamaliza ntchito zina, koma pofika ndimapeza pamatidwa kale, tepi yake yopingasa bwino. Pali ng'ombe ina yotchedwa Nuan, yaukali, imene inkalola achimwene ako okha kuikanda pamphumi. Masiku ano imatambasula khosi kumbali kumene kulibe munthu, n'kutseka maso.

Ndinapita kwa Mayi Lamyai ndi nkhani ya kalatayi. Si munthu woipa, ndi wamasiye amene ng'ombe zamukalambitsa msanga. Anayamba ndi kuseka, kenako anati, "Ndichotse ntchito San Tint? Nanga mawa akama ndani? San Tint ndi iweyo, mwana wanga. Ku boma ndi mmene zalembedwera. Ndikamuchotsa, chiphaso ndibweza, ndipo iwe ukhala munthu wa m'tchire."

Ndinangoti, "Ndamva, mayi," n'kubwerera kukhola.

Ndiye waona pamene ndaima. Ndikawamasula achimwene ako, ntchito yatha, ndipo msewu uliwonse wa m'dziko lino uli ndi wapolisi wondidikira. Ndikapanda kuwamasula, azingodyetsa ng'ombe za eni, osapuma, osafika kwawo.

Amayi uwauze kuti ndikuikonza nkhaniyi. Mitengo ya labala ija musaicheke mwezi uno, ikuyoyola masamba.

Pe Thaung


Muak Lek, 19 Febuluwale 2006

Mayi a Phyu,

Ndithokoze kuti muli moyo. Ine ndinadwalako malungo masiku atatu, koma ndadzuka. Usade nkhawa za ng'ombe pa masiku amenewo, sizinagone ndi njala. Mdala Kham akuti iye sanazidyetse.

Tinayesa njira yachidule. Mdala Kham ndi amene anaiganiza, poti nayenso watopa ndi kuyenda chammbali. Anauza Mayi Lamyai kuti, "Mayi, mzimu suwerenga mabuku a boma. Ingonenani mawuwo pakamwa, chiphaso mnyamatayu asunge. Aliyense apeze zake." Mayi anavomera. Lachisanu masana anaima pakati pa mabelo atagwira timitengo ta lubani, nanena m'chinenero chawo kuti San Tint, ntchito yako yatha, pita bwino. Ine ndinabwereza m'chathu. Tsiku limenelo belo ndinatsegula ndekha, ndipo mtima unapepuka mpaka ndinaimba pokama.

Kutacha, mayi anatuluka pakhonde n'kuitana monga mwa masiku onse, "San Tint! Kweza zigubu m'galimoto!" Ndipo ine, chitsiru cha munthu, ndinayankha kuti, "Ndikubwera, mayi."

Mdala Kham anavula chipewa n'kudzimenya nacho pa bondo. "Basi, mwamulembanso ntchito."

Masana ake belo linali lotsegula, pulasitiki yopindidwa kanayi.

Thuza, pali chimene sindinakuuze, ndipo chakhala chikundidya kuyambira Okutobala. Werenga uli wekha.

Achimwene ako atagwa, ine ndi amene ndinapisa m'thumba la malaya awo n'kutulutsa chiphaso. Thupi linali lisanazizire. Palibe anandituma. Mayi Lamyai anandiona, inenso ndinawaona. Apolisi atabwera kudzafunsa kuti wamwalirayu ndani, mayi anati ndi mlendo wopanda mapepala amene anabwera kudzaona m'bale wake, dzina lake Pe Thaung. Ine ndinali pomwepo, ndinagwedeza mutu. Ku kachisi amonke anafunsanso dzina, ndipo linaperekedwa lomwelo. Mapemphero onse aja, madzi onse amene tinathira pansi kuti zabwino zitsate womwalira, zinatchulidwa m'dzina langa. Ine wamoyo ndinadya chakudya cha pa ulendo cha alamu anga.

Ndiye iwo sakudziwa n'komwe kuti anamwalira. Palibe anawauza. Dzina lawo limaitanidwa m'mawa uliwonse, ndipo amadzuka n'kupita kuntchito, monga munthu wokhulupirika amene anali.

Ukafuna kunditukwana, nditukwane. Ndinkaganiza za iwe ndi Phyu, koma ndinkaganizanso za khungu langa, ndipo sindikudziwa kuti chinatsogola ndi chiti.

Mankhwala a chifuwa a amayi ndawaika m'kati mwa thawulo. Azimwa akadya.

Pe Thaung


Muak Lek, 19 Malichi 2006

Thuza,

Kalata yako yafika itachedwa, ndipo masiku onse amene inachedwa ndinkadya ngati wodwala. Ndamva kuti muli bwino, ndathokoza. Kuno kwatentha, fumbi lokhalokha, ng'ombe zikupumira m'kamwa.

Ndinkayembekeza matukwano. Iwe walemba mizere isanu ndi umodzi, ndipo itatu ndi ya nkhumba. Kenako wati, "Akufa afa. Phyu akulowa sukulu mu Juni. Khala pomwepo, utseke pakamwa." Ndakumva, ndipo sindikukuweruza. Koma inki ya pa mzere umenewo inafalikira, Thuza, ndipo mvula kwanuko sikugwa mwezi uno.

Pansi pake pali mzere wa amayi, umene ndikuona kuti anakulembetsa ataima pamsana pako: "Mwana wanga akuchedwa kuti?" Ndiye m'kalata imodzi mwandituma kuwiri.

Ndayesa kuchita zimene wanena. Ndatseka pakamwa. Ndinayesanso kuwapepuza ntchito achimwene ako pomatsegula belo m'mawa, iwo asanafike. Masana ndinapeza lachiwiri lotsegula. Udzu wovundika ukaonana ndi mphepo sudikira, pa kutentha kuno masiku awiri okha wachita chuku, ndipo wa chuku ukapatsa ng'ombe ya bere imataya mwana. Tinataya theka la belo. Mayi Lamyai sanakalipe, anangoti, "Musiye azitsegula yekha." Ndiye tsopano ndimakama, n'kutuluka, n'kutenga foloko, n'kugawa udzu umene wanditsegulira munthu amene ndinamubera dzina. Ndimati, "Zikomo alamu." Poyamba ndinkanena chamumtima, pano ndimanena mokweza.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Mabelo atsala 23. Ndinafunsa mdala Kham kuti akatha, munthuyu azidzatani.

"Mvula ikagwa udzu umera, timweta, tikulunga ena," anatero. "Ntchito ya ng'ombe siitha, mphwanga. Ine ndinayamba ndili ndi tsitsi."

"Ndiye azingogwira mpaka liti?"

"Mpaka chiphaso chithe. Ndipo mayi akuti mu Juni akachiwonjezera chaka china, poti ndiwe wolimbikira. Akuti umagwira ngati anthu awiri."

Ananena ngati nthabwala, koma palibe anaseka.

Dzulo ndikugawa udzu, ndinaima pafupi ndi msomali uja. Zingwe zadzaza, zokulungidwa bwino chimodzichimodzi. Ndinagwira chapamwamba, chinali chonyowa ndi thukuta. Achimwene ako atopa, Thuza. Munthu uja ankati akadzabwerera kumudzi sadzagwiranso chingwe cha ng'ombe, azidzangokhala pakhonde n'kumanamiza ana.

Yunifolomu ya Phyu usagule yothina, mwana akukula. Nkhumba ija ikaswa, tiwiri usunge.

Pe Thaung


Muak Lek, 10 Epulo 2006

Thuza mkazi wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, iwe, Phyu ndi amayi. Ine ndili bwino kuposa mmene ndakhalira miyezi isanu ndi umodzi yonseyi, ngakhale zimene ndikuuze sizikusangalatsa.

Sindinakumvere. Undikhululukire.

Lachinayi ndinaika chiphaso patebulo la Mayi Lamyai. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ukudziwa chimene ukuchita?"

"Ndikudziwa, mayi."

"Ndikachibweza sindingakusunge ngakhale sabata. Akandipeza nawe, famu ino atseka."

"Ndikudziwa."

"Anthu akwanu ndinu ouma mitu, amoyo ndi akufa omwe," anatero, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Lachisanu anakwera galimoto kupita ku boma, nakanena kuti wantchito wake San Tint wasiya ntchito. Anabwera ndi pepala la chidindo, dzina litadulidwa ndi mzere wofiira.

Dzulo tinaitana mmonke wamkulu wa ku kachisi kuja. Ndinamugwadira n'kumuuza zonse, kuti dzina limene anapempherera mu Okutobala linali la munthu amene akumuonayu. Sanandikalipire. Anangofunsa dzina lenileni, nalibwereza katatu kuti lilime lake lilizolowere.

Kuseri kwa khola kunatsala belo limodzi, la pa 14 Okutobala, lomwe achimwene ako ankalemba lija. Nambala yomaliza sanaimalize. Tinaima pamenepo nthawi ya kukama kwa masana. Mayi Lamyai anavala bulauzi yawo ya ku misonkhano ya kopaletivi, ndipo anawerenga pepala la boma lija mokweza, ndi mawu a bwana, monga ndinawapemphera. Kenako ine ndinanena m'chinenero chathu, kuti achimwene ako amve bwino. Ndinati, "A San Tint, alamu anga, munamwalira pa 14 Okutobala, pamalo pano. Ine Pe Thaung ndinakuberani dzina, ndabweza. Kuyambira lero mwachotsedwa ntchito pa famu ino. Ng'ombe si zanunso. Pitani kwanu, amayi akudikira." Mmonke anapemphera, ndinathira madzi pansi, ndipo ulendo uno dzina linali loyenera.

Tinalowa kukakama. Nditatuluka, belo linali chilili, losakhudzidwa. Ndinadikira. Ng'ombe zinayamba kulira njala, kulira kumene sindinakumve kuyambira Disembala, Nuan patsogolo. Ndinadikirabe, mpaka mdala Kham anandigwira paphewa nati, "Wapita, mphwanga. Dyetsa ng'ombe." Ndinatsegula belo lija ndikulira ngati mwana, chifukwa ndi pamene ndinadziwa kuti ndatsala ndekha m'dziko la eni.

Pepala limodzi lachotsa ntchito anthu awiri. Ndinyamuka Lachinayi likudzali, pamene chikondwerero cha madzi cha chaka chatsopano cha kuno chikuyamba, poti akuti masiku amenewo magalimoto amachuluka ndipo apolisi amatopa kufunsa. Mdala Kham andiperekeza ndi galimoto ya mkaka mpaka pamene angathe. Kuchokera pamenepo mpaka kumalire pali zipata za apolisi zinayi, ndipo ndilibe kanthu kowaonetsa. Ena amadutsa, ena amakhala m'chitolokosi miyezi, ena sitimvanso za iwo. Za sukulu ya Phyu tidzaona pamodzi, ndili ndi manja.

Kalatayi ndapatsa mayi wonyamula makalata, ifika msanga kuposa ine. Uwawerengere amayi yonse, usadumphe mzere. Uwauze atsegule chitseko, ayale mphasa pakhonde, aphike tiyi. Mwana wawo afika ine ndisanafike, poti iye pa zipata samuimitsa.

Ine ndikachedwa, usandifunefune ndi dzina la San Tint, linabwezedwa. Usandifunenso ndi la Pe Thaung, chifukwa m'mabuku a kuno ameneyo anatenthedwa mu Okutobala. Uzingofunsa ngati anaona munthu wamtali, wonunkha ng'ombe, amene amati akupita kwa mkazi wake.

Ndine mwamuna wako.